Kupita ndi ana aang'ono ku Edinburgh si kutaya ndalama

Pali mawu amene amamveka kawirikawiri pakati pa ife Amalawi okhala kuno ku Britain nthawi ya tchuthi ikamayandikira, akuti kutenga ana aang'ono kukaona mzinda wakale wa ku Ulaya n'kutaya ndalama chabe, popeza mwana wa zaka 4 sadzakumbukira kanthu ndipo adzangotopetsa makolo ndi kulira. Amene amanena zimenezi amalangiza kuti ana asiyidwe kwa azakhali awo kapena kwa anzathu akutchalitchi, makolo apite awiriwiri. Ine sindigwirizana nawo, ngakhale mbali ina ya nkhawa yawo ili yoona, ndipo ndifotokoza chifukwa chake potengera ulendo wathu wa ku Edinburgh, likulu la Scotland, kumene tinapita ndi ana athu atatu: mtsikana wachisamba wa zaka 7, mlongo wake wa zaka 4, ndi khanda lomwe linali lisanayambe kuyenda.

Ndiyambe ndi pamene anzangawo akunena zoona. Mzinda wakale sunamangidwe poganizira ana. Chigawo chakale cha Edinburgh, chimene amachitcha Old Town, chili pamsana pa chitunda chomwe chimayambira pathanthwe la phiri limene linkaphulika moto kalekale, pomwe pali linga la mafumu la Edinburgh Castle, n'kumatsetsereka mpaka kunyumba yachifumu ya Holyroodhouse. Msewu wotsata msana umenewu ndiwo Royal Mile, ndipo mbali zake zonse ziwiri kuli tinjira topanikiza, tina ta masitepe okhaokha, totsikira kumunsi. Anthu akale anakonda malowa chifukwa anali ovuta kuwalanda pankhondo, ndipo atagonja kwa Angerezi pankhondo ya ku Flodden mu 1513 anamanga khoma lotchinga mzindawo. Popeza ambiri sankafuna kukhala kunja kwa khoma, nyumba zinkangosanjikizidwa kupita m'mwamba, zina mpaka kupitirira nsanjika 10. Zimenezi n'zokoma kuziwerenga, koma kholo limene langotsika sitima pasiteshoni ya Waverley, yomwe ili m'chigwa, limazimva m'miyendo, chifukwa liyenera kukwera chitunda likukankha kangolo ka mwana pamsewu woyala miyala, kangoloko kakugwedezeka ndipo mwana amene anagona akudzuka.

Apa m'pamene chitenje chinaposa kangolo kamtengo wapatali. Mayi a ana anabereka khanda kumbuyo, manja awo onse anatsala ogwirira ana enawo, ndipo masitepe amene makolo ena ankachita kunyamulizana ngolo zawo ife tinkangokwera bwinobwino. Amene akukonzekera ulendo wotere asaiwale chitenje kunyumba. Ayambenso tsiku lawo pamwamba, palinga, ana akadali ndi mphamvu, kuti ulendo wonse wotsala ukhale wotsetsereka. Miyendo ikatopa, chigawo cha New Town, chimene pulani yake anajambula James Craig ndipo inavomerezedwa mu 1767, chili ndi misewu yotakasuka ndi yowongoka, ndipo pakati pa zigawo ziwirizi pali munda wa Princes Street Gardens, pamalo pomwe kale panali nyanja yaing'ono ya madzi onyansa yotchedwa Nor Loch, umene uli ndi udzu wothamangapo komanso malo osewerera ana.

Chimene chimaononga ulendo wa banja m'mzinda wotere si ana ayi, koma kholo limene lafika ndi mndandanda wa malo amene liyenera kujambulirapo zithunzi, komanso phunziro la mbiri limene lakonzekera kuwathira ana m'mutu. Mwana ali ndi khomo lakelake lolowera m'mbiri, ndipo khomolo kawirikawiri ndi chinthu chaphokoso, nyama, kapena nkhani yonyansa pang'ono. M'linga muja muli katchalitchi ka St Margaret, komangidwa cha m'ma 1130, komwe ndi nyumba yakale kwambiri mwa zonse zimene zidakalipo mu Edinburgh, ndipo mulinso chisoti chachifumu cha Scotland chimene anthu amachiimira pamzere wautali. Ana athu anadutsa zonsezi osacheuka. Chimene chinawagwira mtima ndi mzinga umene msilikali amaomba nthawi ikakwana 1 koloko masana, tsiku lililonse kupatula Lamlungu, Lachisanu Loyera ndi tsiku la Khirisimasi. Mwambowu unayamba mu 1861. Oyendetsa zombo padoko la Leith ankafunika kutchera mawotchi awo molondola kuti azidziwa pamene ali akakhala pakati pa nyanja, ndipo ngakhale panali mpira waukulu pansanja ya Nelson Monument paphiri la Calton Hill umene unkatsitsidwa pa ola lomwelo, kukachita nkhungu mpirawo sunkaoneka, n'chifukwa chake anaonjezera mzinga kuti khutu ligwire ntchito pamene diso lalephera. Nditafotokoza zimenezi, wachisamba uja anafunsa kuti, "Adadi, nanga bwanji sankangoyang'ana nthawi pafoni?" Funso limeneli linatitengera kutali, mpaka tinakambirana mmene anthu ankakhalira kopanda magetsi, kopanda foni, ndiponso mmene agogo ake a mayi ake ankadziwira nthawi poyang'ana dzuwa. Phunziro loterolo sindikanalikonza ine ndili kunyumba. Ndingochenjeza kuti mzingawo umalira mwamphamvu, motero khanda liyenera kutsekedwa m'makutu nthawi isanakwane.

Mnyamata wa zaka 4 anakakamira pa Mons Meg, mzinga wakale wolemera matani 6 umene unapangidwa mu 1449 ku Mons, m'dziko lomwe lero ndi Belgium, n'kuperekedwa kwa Mfumu James II mu 1457. Unkaponya miyala yoburungira yolemera pafupifupi makilogalamu 150, ndipo ina ya miyala yoteroyo ili pambali pake. Iye sanasamale za zaka kapena dzina la mfumu. Ankangofuna kudziwa ngati bambo ake angathe kunyamula mwala umodzi, ndipo atamva kuti sangathe, anazindikira kukula kwa chinthucho kuposa mmene chikwangwani chikanamuuzira. Chapafupi pomwepo pali kamanda kakang'ono ka agalu a asilikali, ndipo pamenepo tinaima nthawi yaitali kuposa pachisoti chachifumu.

Zomwezo zinachitika m'tinjira ta Royal Mile. Mukamuuza mwana kuti nyumba izi ndi za zaka mazana angapo, amangogwedeza mutu. Koma mukamuuza kuti kale m'nyumbazi munalibe zimbudzi, ndipo usiku anthu okhala m'nsanjika zapamwamba ankakhuthulira zonyansa pazenera, woyenda pansi akumathawa, mwanayo amayang'ana m'mwamba ndi maso atsopano, ndipo mafunso a matenda, a madzi akumwa, ndi a chifukwa chimene olemera anasamukira ku New Town amabwera okha. Pali makolo ena amene amaona nkhani zoterezi ngati zosayenera pamaso pa ana, koma ine ndimaona kuti ndiyo mbiri yeniyeni ya anthu wamba, ndipo ili pafupi ndi mwana kuposa mayina a mafumu. Chimodzimodzinso ndi chiboliboli cha kagalu kotchedwa Greyfriars Bobby, kamene anthu amati kanalondera manda a mbuye wake kwa zaka 14 mpaka kanafa mu 1872. Akatswiri ena a mbiri amaikayikira nkhaniyi, ndipo ndinamuuza wachisamba zimenezo poyera, popeza mwana wa zaka 7 angathe kumva kuti nkhani yokoma ndi nkhani yotsimikizika si chinthu chimodzi.

Za ndalama, nkhawa ya anzanga ija ili ndi yankho losavuta. Malo olipira amodzi pa tsiku ndi okwanira, ndipo matikiti a kulinga ndi bwino kuguliratu pa intaneti. Kungowoloka msewu kuchoka pa kagalu kaja mufika ku National Museum of Scotland mumsewu wa Chambers Street, nyumba yaikulu yosungiramo zinthu zakale imene kulowa kwake n'kwaulere, ndipo mvula ya ku Scotland ikayamba, zomwe zimachitika mosachenjeza, palibe pothawira pabwino kuposa pamenepo. Muli mafupa a nyama zakalekale, ndege zopachikidwa m'mwamba, zinthu zimene ana amaloledwa kugwira, zimbudzi zaukhondo ndi zikepe zokwerera. Mulinso Dolly, nkhosa imene inabadwa mu 1996 ku Roslin Institute kufupi ndi Edinburgh, nyama yoyamwitsa yoyamba kupangidwa kuchokera ku selo ya nyama inzake yaikulu popanda yamphongo, yomwe inafa mu 2003 ndipo thupi lake analikonza n'kuliika m'bokosi lagalasi. Pa Royal Mile palinso Museum of Childhood, yosungiramo zidole ndi zoseweretsa za ana akale, nayonso yaulere. Chakudya chamasana tinkatenga chophika kale, n'kukadyera m'munda uja.

Tsopano ndibwere pa mawu aja akuti sadzakumbukira. N'zoona kuti khanda silidzakumbukira kanthu, ndipo wa zaka 4 adzatsala ndi zidutswa zokha. Koma sindinamvepo Mmalawi akunena kuti waleka kupita ndi mwana kumudzi kwa agogo ake chifukwa mwanayo sadzakumbukira ulendowo. Timapita naye kuti azolowere, kuti malowo asadzakhale achilendo kwa iye. Ambiri mwa ife kuno timagwira ntchito zosinthana usana ndi usiku, m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba, ndipo munthu angathe kukhala zaka zambiri akungodziwa njira ya kuntchito, ya kutchalitchi ndi ya kusitolo. Ana athu akakulira m'kabwalo komweko, amadzayamba kuganiza kuti nyumba zosungiramo zinthu zakale, malinga ndi minda yamaluwa n'za anthu ena. Chonsecho malo aulere ajawa amathandizidwa ndi misonkho imene ifenso timakhoma mwezi ndi mwezi. Ndikufuna mwana wanga azilowa pakhomo lalikulu ngati lija la Chambers Street mopanda mantha, azifunsa wogwira ntchito funso momasuka ndi mwaulemu, ndipo chizolowezi chimenecho chimamera mwana ali wamng'ono, kaya tsiku lenilenilo adzalikumbukira kapena ayi.

Kwa ife Amalawi, Edinburgh ali ndi msampha wakewake. Chakum'mawa kwa Princes Street Gardens, pafupi ndi nsanja yakuda ya Scott Monument, pali chiboliboli cha David Livingstone atagwira Baibulo, chimene chinaimikidwa mu 1876. Mumzinda womwewu ndi mmene Dr Hastings Kamuzu Banda anaphunzira n'kulandira ziphaso zake zaudokotala mu 1941. Kholo lachimalawi likafika pamenepa limafuna kukhuthula zonse zimene linaphunzira kusukulu, ana ataima chilili, akumva kuzizira ndi njala. Ine ndinangonena kuti Livingstone anabadwira ku Blantyre, ndipo wachisamba uja anafunsa msanga kuti, "Ndiye kuti anali Mmalawi, adadi?" Ndinamuyankha kuti ayi, kuti pali Blantyre wina kufupi ndi Glasgow kumene Livingstone anabadwira mu 1813, ndipo amishoni a Church of Scotland amene anakhazikitsa mishoni kwathu mu 1876, chaka chomwecho chimene chibolibolichi chinaimikidwa, anaitcha dzina limenelo pomukumbukira. Anadabwa kwambiri kuti mzinda wa agogo ake unatchulidwa dzina la kuno, kenako anafunsa dzina limene malowo anali nalo azunguwo asanafike. Ndinamuuza kuti anthu analipo kale, anali ndi mafumu awo ndi mayina awo a mapiri ndi mitsinje, monga Ndirande, Soche, Michiru ndi Mudi, omwe alipobe mpaka lero. Ndinalekera pomwepo mwadala. Nkhani ya malonda a akapolo, ya sukulu ndi zipatala za mishoni, ya ulamuliro wa atsamunda umene unakhazikitsidwa mu 1891, ndi ya John Chilembwe mu 1915, ndi yolemera ndipo ili ndi mbali zingapo, moti kumusandutsa Livingstone woyera mtima kapena chigawenga m'mphindi zisanu pamaso pa mwana wa zaka 7 kungakhale kumunamiza mwanayo. Funso lake lija la dzina lakale ndi lokwanira pa msinkhu wake, ndipo ena adzafunsa akamakula.

Pali zina zimene ndikuvomereza kuti siziyenera ana a msinkhu umenewu, ndipo kholo lisadzimve kuti laluza likazisiya. Scott Monument ili ndi masitepe 287 opanikiza, ndipo phiri la Arthur's Seat, lotalika mamita 251, limakhala ndi mphepo yamphamvu pamwamba. Maulendo otsikira m'tinjira tapansi pa mzinda ndi amdima ndipo nkhani zake n'za miliri ndi mizukwa. Nthawi yopitira nayonso ndi yofunika kuiganizira. Mwezi wa Ogasiti, umene ana a sukulu za ku England amakhala patchuthi, ndi womwenso kumachitika zikondwerero zazikulu za zisudzo ndi nyimbo zimene zinayamba mu 1947, ndipo Royal Mile amadzaza mpaka mwana angasowe m'kanthawi kochepa, pomwe mitengo ya malo ogona imakwera koopsa. Mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, pamene mu Juni kumawalabe mpaka cha m'ma 10 koloko usiku, ndipo ana amakana kugona ponena kuti kunja sikunade. Tchuthi chachifupi cha kumapeto kwa Meyi n'chimene ndingalangize banja la ana aang'ono. Kwa amene ali ndi pasipoti ya Malawi ndi chilolezo chokhala ku Britain, ulendowu uli ndi ubwino winanso, wakuti sufuna viza ya Schengen imene ikanafunika popita ku Paris kapena ku Rome, ndipo ndalama zimene zikanathera pa maviza a banja zingathandize kulipirira sitima ndi malo ogona.