Zitunda ndi zathu, koma ndalama za alendo apanjinga zikukagona ku Dedza

Anzathu a ku Malawi amatiposa chinthu chimodzi pa nkhani ya alendo opalasa njinga m'mapiri, ndipo chinthucho chandiwawa sabata yonse ino. Iwo amadziwa kumugoneka mlendo. Ife kuno ku Angónia, ku Mozambique, timangomukwezera dzanja akudutsa, fumbi lake n'kutitsalira m'maso.

Loweruka lapitali kunalowa gulu la azungu pa chipata cha Calómuè, pamalire athu ndi Dedza, m'mamawa, njinga zawo zija za matayala onenepa ndi magiya ambirimbiri, galimoto ikuwatsata m'mbuyo. Analowera misewu yathu yafumbi yopita ku Dómuè. Wowatsogolera anali mnyamata wa ku Lilongwe, waulemu wake ndithu, koma njira sankaidziwa. Atafika pa mphambano yoyamba anaima n'kufunsa mphwanga, amene ankapita kuchigayo. Mwanayo anasiya thumba lake pagolosale n'kuwatsogolera tsiku lonse pa njinga yake ya giya imodzi, yomanga buleki ndi phazi. Ndiye anawauza mlatho umene unakokoloka, ndiye anawapepesera kwa anyakwawa atadutsa pafupi ndi manda osatsika. Dzuwa litapendeka anamupatsa chipewa ndi maswiti, n'kuthamangira kuchipata chisanatsekedwe kuti akagone ku Dedza. Madzi akumwa anachokera nawo uko. Buledi anachokera naye uko, kubwera naye kudziko la pão, buledi wathu uja! Chimene anagula kuno ndi nthochi basi. Tsono pa kapepala ka kampani yawo, kamene mwanayo anatola, analembapo kuti ulendowu ndi wopindulira anthu a m'midzi. Midzi yake iti, abale?

Musandiuze kuti kwathu kulibe choona. Phiri la Dedza ndi lalitali mamita pafupifupi 2,200, la Dómuè limapitirira pang'ono 2,000, kusiyana kwake n'kochepa. Nthaka ndi imodzi, chisanu cha June ndi July ndi chimodzi, chilankhulo ndi chimodzi. Malirewa anangolemba Angerezi ndi Apwitikizi mu 1891, kutsata mtunda umene umagawa madzi, ndipo mpaka lero mukamayenda pa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu, mbali imodzi ya msewu ndi Malawi, inayo ndi kwathu. Pa Lizulu mayi amaoloka phula ndi dengu la tomato, wasintha dziko. Ndipo ngati mlendo akufuna mbiri, Angoni a kwa Maseko anakhazikika pa Dómuè pano asanafalikire ku Ntcheu ndi ku Dedza. Anzathu akamavina ngoma monyadira uko, mizu yake ili kuno.

Pa njinga penipeni ndiye tisayerekeze n'komwe. Kuchoka ku Ulongué, tauni yathu ya ku Angónia, kulowera ku Tsangano pali zitunda zoti munthu amatsika n'kumakankha, ulemu wonse utatha. Ukafika pamwamba umaona minda ya mbatatesi ndi tirigu mpaka kumene maso alekezera, kenako mtsetse wa miyala woti manja amachita dzanzi ndi mabuleki. Kulowera ku Furancungo, ku Macanga, umatha kupalasa nthawi yaitali m'tchire osakumana ndi galimoto. Nyengo ya mvula, kuyambira December mpaka March, matope ake amamata pa tayala mpaka njinga kukana kuyenda, koma kuyambira May mpaka August kumakhala kouma ndi kozizira, nyengo yeniyeni yopalasa. Ku Malawi kupeza mtunda wautali chonchi wopanda mudzi n'kovuta, anthu achuluka, mapiri ambiri anameteka. Ena mwa makala amene amaphikira ku matauni awo amachokera m'nkhalango zathu, ndipo amapita pa njinga, matumba atatu anayi pa kaliyala. Akatswiri enieni a njinga za m'mapiri ndi amenewo, kungoti palibe amawajambula.

Koma apa ndiye pofunika kuvomereza, ngakhale zikuwawa. Anzathuwa anakonza nyumba yawo. Ku Mulanje munthu sangodzuka n'kuyamba kukwera Sapitwa, nsonga ija ya mamita 3,002. Pa Likhubula pali anyamata operekeza ndi onyamula katundu, ali ndi bungwe lawo, mtengo wa tsiku ndi wodziwika, ndipo pamwamba pali tinyumba togona tokhala ndi alonda. Ku Nyika mlendo amalipira pachipata, n'kumapalasa njinga pakati pa mbidzi, usiku n'kugona pa Chelinda. Pa Dedza pompa ali ndi zojambula za m'mapanga za ku Chongoni, zimene UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za chikhalidwe, inaziika m'kaundula wake mu 2006, ndipo pali wina wokuperekeza kukaziona. Mwana ngati mphwanga, akanakhala tsidya linalo, bwenzi atanena mtengo wake asanakwere njinga, ndipo palibe akanadabwa. Kuno anachita manyazi. Anati kupempha ndalama kwa mlendo ndi chipongwe. Ulemu umenewu tinauyamwira ndipo ndimaukonda, koma sugula chubu.

Ena anena kuti nkhondo ndiyo inatibweza m'mbuyo, ndipo n'zoona. Mpaka 1992 anthu a kuno ambiri anali m'misasa ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mwanza, ndipo Malawi inasunga anthu athu pafupifupi miliyoni imodzi. Zimenezo sitidzaiwala, mwina ndicho chifukwa sindingawakwiyire kwenikweni. Koma mabomba okwirira anatha kuchotsedwa, boma linalengeza mu 2015. Tidzakhala tikuloza nkhondo mpaka liti? Maso a akuluakulu athu ali pa malasha a ku Moatize ndi magetsi a ku Cahora Bassa. Mlendo akamva za Tete, chigawo chathu chino, amangoganiza za kutentha kwa m'mphepete mwa Zambezi ndi malole a pa msewu wa ku Zóbuè. Sadziwa kuti m'chigawo chomwechi muli malo oti m'mawa umaotha moto, pamene mapichesi amapsa pakhomo.

Zina zing'onozing'ono tisataye nazo nthawi. Chingerezi chimawathandiza anzathu, ife timayamba ndi Chipwitikizi mlendo n'kungoti kakasi. Pamsewu mbali zonse ziwiri pali oimitsa anthu, kungoti wathu akaona pasipoti yachilendo amaitembenuza kwa nthawi yaitali kudikira ya fanta. Kumbali ya chakudya tawaposa kutali, nkhuku yootcha ya piripiri ndi mbatatesi za kuno sizingafanane ndi tchipisi cha pa chiwaya. Ndipo ana athu sanayambe kuthamangira mzungu aliyense n'kumakuwa zopempha ndalama monga zimachitikira m'malo ena uko. Maswiti aja akapitirira kugawidwa pamsewu, ayamba, dikirani muone.

Ndiye ine ndikuti chiyani? Sindikufuna hotela ya nsanjika pa Dómuè. Ndikufuna kuti gulu lotere likamalowa pa Calómuè kapena pa Biri-Biri lizipeza anyamata a kuno odziwa njira, mtengo wawo utalembedwa pa bolodi mu metikali, anyakwawa akuudziwa. Lizigona usiku umodzi kuno, kaya m'matenti pabwalo la sukulu, ndalama ya malowo n'kupita ku komiti ya sukuluyo. Azimayi aziphika nsima ya nyemba ndi nkhwani n'kulipidwa, osati kungojambulidwa ali pamtondo. Wokonza njinga wa pamsika, amene amamata chubu ndi kuwongola sipoko tsiku lililonse, aziitanidwa tcheni chikaduka. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005 kuti ndi wa Malawi, Zambia ndi Mozambique pamodzi, mlendo azimuonera pamene eni dambwe alola, ndipo kamera izitsika akanena kuti itsike.

Inu a ku Malawi amene mumatenga alendowa, tikudziwa kuti mumawerenga. Bweraninso nawo, msewu ndi wanu. Koma ulendo winawu buledi musiye ku Lilongwe, ndipo mnyamata wokuonetsani njira mugwirizane naye mtengo pa mphambano pomwepo, asanasiye thumba lake la chimanga.