Asidi wa AHA si mafuta odzola wamba, ana inu

Ana inu, zomwe mukuchita ndi nkhope zanu zikundiwawa mtima. Mwangomva pa TikTok kuti AHA, asidi wosenda khungu lapamwamba, amachotsa makwinya, basi mwathamangira kugula timabotolo tolembedwa glycolic acid 30%, mtundu wina wa AHA, n'kumadzola m'mawa ndi madzulo. Mukatero mukutuluka padzuwa la mu Okutobala opanda ngakhale chipewa. Mukuganiza bwanji kodi?

Sindikunena kuti mankhwalawa ndi abodza ayi. Glycolic acid amapezeka mu nzimbe, lactic acid mu chambiko, ndipo akatswiri awiri a ku America, Eugene Van Scott ndi Ruey Yu, adasonyeza kale mu 1974 kuti maasidi a AHA ngati amenewa amamasula timaselo takufa tomwe timaunjikana pamwamba pa khungu. Kafukufuku wina wa mu 1996 adapezanso kuti khungu la anthu omwe adadzola AHA kwa miyezi 6 lidakhuthala, ndipo kolajeni, ulusi uja umene umalimbitsa khungu kuti lisagwe, adachuluka. Mwamva? Miyezi 6, pang'onopang'ono, moyang'aniridwa ndi madokotala.

Vuto ndi ili. Khungu lapamwamba lomwe mukusendalo limathandiza kukutchinjirizani ku dzuwa, ndipo dzuwa ndilo limadula kolajeni koposa zina zonse. Muli ngati munthu wofolera nyumba usiku, kukacha n'kusasula udzu wonse. N'chifukwa chake bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, lidalangiza mu 2005 kuti pabotolo pazilembedwa chenjezo loti wodzola aziteteza khungu ku dzuwa nthawi yonse yomwe akudzola, mpaka sabata imodzi atasiya. Mlingo woyenera kudzola nokha pakhomo usapitirire 10%. Uja wa 30% ndi wa anthu ophunzitsidwa ntchitoyo, ndipo amautsuka pakangopita mphindi zochepa.

Ife akhungu lakuda tili ndi tsoka lina. Khungu lathu likapsa limasiya mabala akuda. Masiku oyamba masaya amachita kung'anima, anzanu n'kumati mwasalala. Kenako kuyabwa, madzi a sopo kumaluma, khungu kumasupuka m'mbali mwa mphuno, ndipo pamapeto pake mawanga akuda bii pachipumi ndi pamasaya, amene amatha miyezi osachoka. Apa ndiye ena mumathamangira mafuta oyeretsa khungu okhala ndi hydroquinone kapena ma steroid, kuwonjeza moto pabala. Nanga inu ofinyira mandimu kumaso mukuti n'zachilengedwe? Madzi a mandimu akakumana ndi dzuwa amatha kuwotcha khungu mpaka matuza.

Ngati mwafunadi kudzola, yambani ndi wofooka, usiku wokha, kawiri pa sabata, ndipo musaphatikize tsiku limodzi ndi retinol, mankhwala ena odzola ochepetsa makwinya. M'mawa dzolani sunscreen, mafuta oteteza khungu ku dzuwa, ya SPF (mlingo wa mphamvu yake) 30 kapena kuposa, ngakhale kuli mitambo. Ngati ndalama ya sunscreen mulibe, botolo la asidilo musalitsegule n'komwe. Khungu likayamba kutentha kapena kutupa, siyani tsiku lomwelo, mupite kuchipatala mutatenga botololo adokotala akaone zomwe zalembedwapo.