Mbuzi ndikuzingireni ine, uchigawenga mundisenzetsenso ine?

Abale anga, lero ndiyankhula. Ndameza mokwanira, ndikapitiriza ndidwala nazo zilonda za m'mimba.

Ine ndine telala, kwathu ndi ku Nkhotakota kunyanja. Kuno ku Ulongué, m'boma la Angónia ku Mozambique, ndakhalako zaka 12, ndimasokera pakhonde la sitolo ya munthu. Chinandikoka ndi kachewere: alimi a kuno akakumba mbatata ndalama imayenda, aliyense amafuna suti, diresi, yunifolomu ya mwana. Chilankhulo n'chomwechi, kungoti iwo amathiramo Chipwitikizi ngati mchere. Maliro timalira limodzi, manda ndakumba nawo. Ndinkayesa kuti ndine mwana wa pakhomo.

Loweruka lapitali kunali ukwati kwa aneba. Tambala woyamba atangolira, mnyamata wagogoda: "Atelala, akuti mubwere ndi mpeni." Mukudziwa mmene zimakhalira, mbuzi akazinga Msilamu aliyense amadya, palibe mlendo wobweza mbale. Ndiye ndanola mpeni, ndapita, mbuzi ziwiri zili pachingwe. Ndagoneka yoyamba, ndailozetsa ku Kibla, Bisimila. Mkulu wina amene anagwira miyendo, mlamu wake wa mwini khomo, munthu woti suti yake ya ukwati womwewo ndinasoka ndine, n'kuti: "Taonani mmene akuuyendetsera mpeni! Anthu awa pakhosi ndiye pamunda pawo. Machababu enienitu awa."

Bwalo lonse gwa! kuseka. Amayi kuseri kuja akusenda anyezi nawonso kikiki. Ndipo chimene chikundiwawa mpaka lero n'chakuti nanenso ndinaseka. Mano ndinaonetsa, magazi a mbuzi ali m'manja. Nanga ndikanatani? Kwa eni kulibe mkuwe. Anandikulungira chiwindi m'pepala, ndakafika nacho kunyumba mayi a ana akazinga bwinobwino, ine osachikhudza. Akuti, "Bambo, mwadwala?" Ndinangoti m'mimba.

Tsono tiyeni tiikambe nkhani ya machababuyi, zigawenga zodzitcha za Chisilamu zimene zinayambitsa nkhondo kumpoto kwa Mozambique, poti mwandiveka dzina lawo.

Nkhondo imeneyi inayamba pa 5 Okutobala 2017, pamene anyamata a zida anaukira apolisi ku Mocímboa da Praia, m'chigawo cha Cabo Delgado. Kuchoka kuno kukafika kumeneko ndi makilomita opitirira 1,000, kufupi ndi malire a Tanzania. Ine sindinapondeko. Nyanja imene ndimaidziwa ndi ya chambo ndi usipa, ya mchereyo ndimangoiona pafoni. Koma chichokereni tsiku limenelo, mfuti ikalira uko, kuno maso onse amatembenukira pa kofiya yanga.

Amene akuphedwa kumeneko ndani? Midzi ya m'mphepete mwa nyanja, ku Mocímboa, ku Macomia, ku Quissanga, ndi ya Amwani, anthu oswali kasanu patsiku ngati ine. Amene ankatsika m'mabwato pagombe la Paquitequete ku Pemba, atathawa ndi kamtolo kumutu, ambiri anali azimayi ovala mipango ngati mkazi wanga. Akhristu aphedwa, inde, ndipo mwankhanza. Ku Xitaxi m'boma la Muidumbe mu Epulo 2020 anapha achinyamata 52 chifukwa chokana kulowa gulu lawo. Mu Seputembala 2022 anawombera sisitere wachikulire wa ku Italy, Maria De Coppi, pa mishoni ya Chipene ku Nampula. Zimenezi ine zinandidula mtima ngati mmene zinakudulirani inu. Koma wothawa kwawo akafika pamsasa sanena kuti moto unasankha nyumba poyang'ana chipembedzo.

Ndipo china chimene oseka aja sachidziwa, kapena safuna kuchidziwa: oyamba kuwaona anyamatawa anali mashehe a komweko. Chaka cha 2017 chisanafike anali atayamba kale kudandaula kwa akuluakulu a boma kuti kwabuka kagulu kolowa mumzikiti ndi nsapato, mipeni ili m'chiuno, konyoza mashehe akale, koletsa ana kupita kusukulu za boma. Msilamu ndiye anakuwa koyamba kuti kuli fisi. Lero fisi wagwira mbuzi, mukuti wokuwa uja ndiye fisi.

Chaka chimene chinandionetsa zakuda ndi 2021. Mu Malichi anaukira tauni ya Palma, pafupi ndi ntchito ya gasi ya TotalEnergies, ndipo poti munafa azungu dziko lonse linadzidzimuka, ngati kuti amene ankafa zaka zitatu zam'mbuyozo anali nkhuku. Pofika Julaye asilikali a Rwanda ndi a SADC anali atalowa. Nthawi imeneyo ndinakwera chapa, minibasi ya kuno, kupita mumzinda wa Tete kukapikula nsalu. Linali Lachisanu, ndinavala mkanjo woyera kuti ndikaswalire Ijuma komweko. Kulakwa kwanga kunali kumeneko.

Pamalo ena panjira atiimitsa. M'galimoto tinalimo anthu pafupifupi 18, wotsitsidwa ndine ndekha. "Documento." Ndapereka. Mapepala anga ali bwino, ndimalipira chaka ndi chaka ngakhale ndalama yake imaluma. Wayang'ana kutsogolo, wayang'ana kumbuyo, kenako wayang'ana ndevu. Ukupita kuti? Ndalama izi wazitenga kuti? Ku Pemba uli ndi ndani? Tsegula foni. Wapeza gulu la WhatsApp la kumzikiti, limene timauzana za maliro ndi nthawi yofuturu, waona zilembo za Chiarabu, nkhope yasintha ngati watola bomba. Chikwama anachikhuthulira pansi, tepi yoyezera, choko, sizasi. Sizasi ija anainyamula m'mwamba kuti anzake aione. Telala kuyenda ndi sizasi, mlandu!

Dzuwa la kumunsi kwa Tete mukulidziwa, limawotcha ngati lili ndi mangawa nawe. Ndinaima pamenepo thukuta kamukamu, dalaivala akuimba hutala, anthu m'galimoto akung'ung'udza. Mayi wina, wolankhula Chichewa changa chomwechi, anatulutsa mutu pawindo: "Musiyeni ameneyo tizipita, mwina akudziwa chimene amugwirira." Mawu amenewo anandipweteka kuposa a wa yunifolomu uja. Pomaliza zinathera pa refresco, kachiphuphu kamene amati n'kogulira chakumwa, 500 meticais, ndalama ya madiresi awiri. Ndiye ndimadzifunsa: ngati ankakhulupiriradi kuti ndine chigawenga, chigawenga chimamasulidwa ndi ndalama ya fanta? Sankandiopa ayi. Anangoona kuti munthu wa kofiya masiku ano salimbalimba, ukamugwedeza pang'ono ndalama imagwa ngati masuku.

Ijuma ndinaiphonya. Nditawoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel, chinthu choyamba chimene ndinachita n'kulowa kuseri kwa sitolo, kuvula mkanjo, kuupinda, kuubisa pansi pa chikwama. Bambo wa ana anayi, kubisa chovala chopempherera ngati chamba.

Ena mumati, "Nanga bwanji simudzudzula?" Funso limeneli landitopetsa. Tidzudzule kangati? Shehe wathu wanena pa mimbari mpaka mawu kusasa, kuti wopha munthu mmodzi wosalakwa ali ngati wapha anthu onse, ndipo zili m'Qur'an. Koma inu mumzikiti simulowa, ndiye mumva bwanji? Mukufuna ndiziyenda ndi chikwangwani pamsana? Ku Uganda mtsogoleri wa zigawenga Joseph Kony anadula anthu milomo uku akunena kuti akufuna dziko loyendera Malamulo Khumi. Sindinapitepo kwa akatekisiti a pa mishoni kukawafunsa kuti, "Bambo, tapepesani kaye za Kony tisanapatsane moni." Ndikanaoneka wamisala, ndipo n'zoona ndikanakhala wamisala.

Wina pamsika anandiponyera mwambi, akuti nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Achimwene, za nsomba musandiphunzitse ine wa ku Nkhotakota. Msodzi akapeza yoola m'dengu amaitaya, zotsalazo n'kupita nazo kumsika. Wotaya dengu lonse ndi amene sanagwirepo nkhafi.

Sindikunena kuti mantha anu ndi opanda pake. Anyamata ena ananyengedwadi ndi malonjezo a ntchito ndi ndalama n'kukathera kutchire, ndipo ife makolo a Chisilamu tulo sitiona nazo. Mwana wanga wamkulu akachedwa pafoni usiku ndimamulanda n'kuona zimene akuonera. Mlendo wosadziwika akafika pamzikiti n'kuyamba kuphunzitsa zachilendo, oyamba kumufunsa mafunso ndife, apolisi asanamve n'komwe. Ndipo anzanga ena a kumzikiti nawonso amandinyansa, otumiza mavidiyo a mitembo m'magulu ngati akugawa maswiti. Amenewo ndimawauza pamaso. Koma kulondera nyumba yako ndi kwina, kulozedwa chala kuti wakuba ndiwe ndi kwinanso.

Ife Amalawi tikudziwa kumene mphekesera zimathera. Chaka chomwecho cha 2017 ku Mulanje ndi ku Phalombe anthu anaphedwa ndi magulu olusa chifukwa cha nkhani ya anamapopa. Munthu ankangofunika kukhala wachilendo, atanyamula chikwama. Nthabwala ya pa ukwati ija ndi kambewu ka zomwezo. Lero tikuseka, mawa kukamveka kuti kwaphulika chinthu pafupi, anyamata oledzera kachasu adzakumbuka kuti paja pali telala wina amadziwa kuyendetsa mpeni.

Chinanso, a kuno musaiwale msanga. Nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, imene inatha mu 1992, Malawi inasunga anthu a dziko lino pafupifupi 1 miliyoni. Ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mwanza, ku Nsanje kunali misasa yokhayokha. A kuno ku Angónia ambiri amene lero ali ndi imvi anakulira tsidya lija la msewu wa ku Lizulu. Ngakhale posachedwapa mu 2016, anthu a m'chigawo chino anathawiranso ku Kapise ku Mwanza. Kodi tikanati aliyense wochokera ku Mozambique ndi wa zida, mukanagona kuti? Mkulu wogwira miyendo ya mbuzi uja anandiuza yekha tsiku lina ndikumuyeza thalauza kuti sukulu anayambira kumsasa ku Malawi.

Za ine ndi zazing'ono, ndakula, khungu lakhuthala. Koma mwana wanga wamkazi wa zaka 9 anabwera kuchokera kusukulu mpango uli m'chikwama. Ndamufunsa, akuti anzake akumamutcha mkazi wa machababu, akamadutsa amagwira pakhosi n'kumachita ngati akucheka. Ndiye anandifunsa, "Ababa, machababu ndi abale athu?" Mwana wobadwira pachipatala cha konkuno, woimba nyimbo ya fuko lino m'mawa uliwonse, Nkhotakota anangopitako kawiri. Ana amenewo sanazitole kumwamba, anazimva pamkeka akudya nsima ndi makolo awo.

Dzulo mkulu uja anabwera pakhonde panga, nkhope ili gwa, ngati palibe chinachitika. "Atelala, jekete ija yandithina m'khwapa, tandikulitsirani. Komanso pa Khirisimasi tidzakufunani, pali kambuzi." Ndinamuyang'ana, mawu anafika pakhosi, koma lendi ya khonde ikudikira pa 30. Ndinangoti, "Siyani pamenepo, mudzatenge Lachinayi."

Jekete yake ndi iyi ili pamakinayi, ndaisomola kale m'khwapa. Za mbuzi ya Khirisimasi sindinamuyankhe.