Akron ndi Macon sizinagwe ndi moto

Ena amati ndege zofufuma ndi mpweya zinatha chifukwa cha moto wa hydrogen, mpweya woyaka womwe ankazipopa, koma Akron ndi Macon, ndege zotere za asilikali apamadzi a ku America, ankazipopa helium, yomwe siyaka. USS Akron inagwa pa 4 April 1933 kufupi ndi New Jersey. Kukachita mkuntho mpweya umapepuka, ndiye chipangizo choyezera kutalika chinkaonetsa kuti ali m'mwamba kuposa pomwe analidi, mpaka mchira unamenya nyanja. Anthu 73 mwa 76 anafa, ambiri pomira m'madzi ozizira, poti munalibe majekete oyandamitsa. Chimenecho n'chimene chimandiwawa kwambiri. Macon mu 1935 inathyoka chipsepse chapamwamba chomwe anali asanamalize kuchilimbitsa. Anataya madzi olemetsa ochuluka, inakwera mopitirira muyeso, helium n'kutuluka, ndegeyo n'kugwera m'nyanja. Majekete analipo, anafa awiri okha.