Laputopu ya kaunjika siifuna Ubuntu wolemera

Ena amati Ubuntu, pulogalamu ya Linux yoyendetsa kompyuta ngati Windows, amakwana pa kompyuta iliyonse. Ayi ndithu. Malaputopu a kaunjika omwe afala kuno ku Dedza, a RAM ya 2GB, Ubuntu wamba, wa maonekedwe olemera a GNOME, amawayendetsa ngati kamba. Ikani wa maonekedwe opepuka, Lubuntu wa LXQt kapena Xubuntu wa Xfce, onsewa ndi ana a Ubuntu, amenenso anachokera kwa Debian.

Koma yang'anani kaye purosesa. Ikakhala ya 32-bit, Lubuntu wake wa LTS (wolandira ma update kwa nthawi yaitali) anathera pa 18.04, ndiye tengani Debian 12. Poika, fulashi ya 8GB ndi Rufus, pulogalamu yoikira Linux pa fulashi, zakwana.

Magetsi akathima update ili mkati, musathamangire kufufuta zonse, tsegulani Terminal, polembera malamulo, mulembe sudo dpkg --configure -a kuti update imalizike. WiFi ya Broadcom ikakana, lumikizani foni ndi chingwe cha USB kuti mupeze intaneti, mutsitse driver, pulogalamu yoyendetsa WiFi-yo.