Chenjezo: hamala yogwedera mutu isafikenso pamwala

Anyamata inu oswa miyala ku Chinamwali, ndi inu ogumula zipupa kuno ku Zomba, tcherani khutu. Dzulo ndapeza mnzanu akuponya hamala ya mapaundi 14 mutu wake uli gwedegwede, atangoutsekera ndi misomali iwiri yopindika. Pambali pake mayi ali chikhalire, mwana kumsana, akuphwanya kwale. Chitsulo choposa makilogalamu 6 chikafwamphuka pampini sichisankha pogwera. Maliro ake mukawafotokoza bwanji kwa amfumu?

Nditamudzudzula wandiyankha zomwe mumanena nonse: "Madala, tiiviika m'madzi usiku, mawa ilimba." Kudzinamiza kumeneko! Mtengo ukamwa madzi umafufuma ndithu, koma poti chitsulo sichitanuka, umangodzifinya n'kutekedzeka m'bowomo. Dzuwa la Okutobala likauwomba umanyala, mutu n'kumagwedera kuposa kale. Mpini umafuna mtengo wouma bwino, wowongoka, wopanda mfundo, osati bulugamu wamuwisi wodula m'mawa womwewo. Kunsonga kwake mucheke pang'ono, mukhomemo kamtengo kosema mosongoka, kenako kachitsulo mopingasa. Mpini ukachita mng'alu usintheni, zoukulunga ndi mphira wa chubu zija musiye. Enanu mwatulukira zowotcherera paipi. Inde siithyoka msanga, koma kunjenjemera konse kumathera m'zigongono zanu, ndipo mudzakumva mukadzafika msinkhu wangawu.

Hamala yaikuluyo ntchito yake n'kung'amba thanthwe. Kwale amafuna ya mapaundi 4. Kunyamula yokuposa mphamvu kuti atsikana akuone ndiko kumapweteketsa msana, komanso ukatopa umaphonya n'kumenyetsa mpini pamwala.

Yang'anani pomenyera pake. Pakafutukuka m'mbali ngati bowa, pitani nayo kwa owotcherera akasalaze ndi galayindala, chifukwa timilomo timeneto timathothoka n'kuuluka ngati chipolopolo. Mutu ukang'aluka kagulitseni kwa ogula zitsulo zakutha. Zomenyanitsa mahamala awiri ndisazionenso.

Ndiye maso. Ndalama ya mayunitsi ndi ya kachasu imapezeka, koma ya magalasi oteteza maso akuti palibe. Kuphazi patapata, ana akusewera pomwe mukuswa. Mwala wa m'mapiri athuwa ndi wouma, kachibenthu kake kakalowa m'diso ulendo ndi wa kuchipatala cha Zomba Central, ndipo si onse amabwerako akuona.

Loweruka ndidutsanso pomwepo popita kumsika. Ndikaipeza ikadali ndi misomali ija, ndiitenga ndikaisiye kwa amfumu, mwini wake akaiwombole kumeneko.