Pofika tsiku la IEP, zambiri zimakhala zitagamulidwa kale

Chaka chatha ndinakhala pa msonkhano wa IEP wa mwana wanga wamwamuna, amene ali ndi autism (ulumali umene umakhudza kulankhula ndi kucheza ndi anthu ena), pamodzi ndi anthu asanu ndi mmodzi a kusukulu kwake kuno ku Massachusetts, m'dziko la America. Kwa inu amene dzinali ndi lachilendo, IEP ndi chikalata chimene sukulu ndi makolo amagwirizana chaka ndi chaka, chofotokoza thandizo limene mwana waulumali azilandira komanso pamene ayenera kufika chaka chikamatha. Ndinapempha kuti katswiri wophunzitsa ana kulankhula azionana ndi mwanayo katatu pa mlungu m'malo mwa kamodzi. Mayi amene ankatsogolera zokambirana anatembenuza mapepala ake, anayang'ana anzake, kenako anandiuza mwaulemu kuti katswiriyo alipo mmodzi yekha ndipo amazungulira sukulu zinayi. Ndinathokoza aliyense monga tinaleredwera, ndipo chikalata chitafika kunyumba ndinasayina tsiku lomwelo.

Patapita nthawi m'pamene ndinazindikira kuti pempho langa linali litakanidwa kale miyezi yambiri m'mbuyomo, usiku umene komiti yoyang'anira sukulu za m'dera lathu inkavomereza bajeti, ine ndili kuntchito. Chiwerengero cha akatswiri, cha othandizira aphunzitsi m'kalasi ndi cha mabasi onyamula ana oyenda pa njinga za olumala chimakonzedwa kumeneko. Maganizo anga ndi akuti kholo limene limangoonekera pa IEP ya mwana wake limafika nsima itaomoledwa kale, ndipo chimene lingachite n'kukangana ndi anzake za kukula kwa mtanda.

Chimene chimandipweteka n'chakuti malamulo amene amateteza ana athuwa anabwera chifukwa cha makolo amene anakana kukhala chete. Mu 1971 bungwe la makolo ku Pennsylvania, lodziwika ndi dzina lakuti PARC, linasumira boma la kumeneko chifukwa sukulu zinkabweza ana ochedwa kuphunzira pakhomo, ndipo nkhaniyo inawakomera. Massachusetts inakhazikitsa lamulo lake, Chapter 766, mu 1972, ndipo mu 1975 Pulezidenti Gerald Ford anasayina lamulo la dziko lonse limene kuyambira 1990 limatchedwa IDEA. Lamuloli lisanabwere, ana aulumali oposa 1 miliyoni sankaloledwa n'komwe m'sukulu za boma. Ngakhale mu 2017, anali makolo a mnyamata wa autism ku Douglas County ku Colorado amene anakakamira mpaka ku khoti lalikulu kwambiri la dziko lino pa mlandu wa Endrew F., oweruza onse n'kugamula kuti sikokwanira kuti mwana azingopindula pang'ono chabe chaka ndi chaka. Boma la dziko lonse, la ku Washington, linkayenera kumathandiza mpaka kufika 40 peresenti ya ndalama zimene zimapita pa wophunzira mmodzi, koma silinafikepo pamenepo, choncho katundu wambiri amagwera maboma aang'ono ndi madera, kumene wofuula kwambiri ndiye amamveka.

Kuno ku Massachusetts lamulo limafuna kuti dera lililonse la sukulu likhale ndi khonsolo ya makolo a ana aulumali, yotchedwa SEPAC, ndipo udindo wake ndi kulangiza akuluakulu a maphunziro komanso kutenga nawo mbali pokonza ndi kuunika mapulogalamu. Nditapitako koyamba tinalipo makolo asanu ndi anayi m'chipinda chowerengera mabuku, ndipo wochokera kunja kwa dziko lino ndinali ine ndekha. Mayi wina kumeneko ndiye anandiuza zimene palibe aliyense anandiuzapo kusukulu: kuti kuchepa kwa antchito si chifukwa chovomerezeka chomanira mwana thandizo limene akufunikira, kuti kholo lili ndi masiku 30 oti liyankhe IEP, ndiponso kuti lingathe kuvomera mbali ina n'kukana ina.

Ife amene tinakulira kumudzi tinaphunzitsidwa kuti aphunzitsi satsutsidwa, ndipo ambiri timaopa kuti tikafunsa kwambiri mwana azidedwa m'kalasi. Ena timachitanso manyazi ndi ulumali wa mwana, moti sitifuna kuonekera pagulu limene likukamba nkhaniyi. Koma sindingaike mlandu wonse pa makolo. Msonkhano ukaikidwa 10 koloko m'mawa pakati pa mlungu, kapena madzulo popanda wosamalira ana, ndiye kuti akuluakulu asankhiratu amene abwere, ndipo amabwera ndi okhawo amene ali ndi nthawi, Chingerezi chosalala ndi ndalama za loya. Mayi wogwira ntchito usiku kunyumba zosamalira okalamba sapezekapo, chonsecho mwana wake ndiye amadulidwa thandizo poyamba chifukwa palibe amene akamufunsire.

Ine ndapempha kale zinthu ziwiri mwa kalata: kuti bajeti ya maphunziro a ana aulumali izifika ku SEPAC komiti isanaivomereze, ndiponso kuti misonkhano ina izichitika Loweruka, womasulira alipo. Yankho silinabwere. Komiti ikumananso mwezi wamawa, wolankhula aliyense amapatsidwa mphindi zitatu, ndipo ndasinthana kale shifiti ndi mnzanga kuti ndikapezekeko.